Paul Matschie, munthu amene ankaona mtundu watsopano m'chigaza chilichonse

M'mabuku a sayansi ya zinyama, dzina la njovu ya m'nkhalango za ku Congo limalembedwa motere: Loxodonta cyclotis (Matschie, 1900). Mawu awiri oyambawo ndi dzina la nyamayo m'Chilatini. Enawo akutiuza amene anaifotokoza koyamba ndi chaka chake, ndipo mikutiramawuyo ikusonyeza kuti iyeyo anaiika m'gulu lina, la Elephas, akatswiri apambuyo n'kuisamutsa. Dzina lomweli la Matschie mulipezanso pa gorila wa m'mapiri ndi pa nyamalikiti wa ku Kenya ndi Tanzania.

Paul Matschie anabadwa mu 1861 ku Brandenburg an der Havel, ku Germany, n'kumwalira ku Berlin mu 1926. Analowa m'nyumba yosungiramo zachilengedwe ya ku Berlin, imene lero imatchedwa Museum für Naturkunde, ngati wothandiza pa za mbalame pansi pa katswiri wa mbalame Jean Cabanis. Kenaka anapatsidwa nthambi ya nyama zoyamwitsa, ndipo anaiyang'anira kwa zaka zoposa 30.

Ntchito ya woyang'anira ngati ameneyu siichitikira kutchire. Bokosi limafika, mkati muli chikopa chouma, chigaza, mwina nyanga, ndi kapepala konena kumene nyamayo inaphedwera. Iye amayeza kutalika kwa chigaza, amawerenga mano, amaona mapindikidwe a nyanga ndi mawanga a pachikopa, n'kuziyerekeza ndi zimene zili kale m'makabati. Akakhutira kuti ndi mtundu wosadziwika, amalemba malongosoledwe ake, n'kusankha chigaza kapena chikopa chimodzi choti chiziimira dzinalo mpaka kalekale. Aliyense wokayikira pambuyo pake amayenera kukachiona chimenecho.

Matschie anagwira ntchitoyi nthawi imene Germany inkalamulira Tanganyika, Rwanda, Burundi, Cameroon, Togo, Namibia ndi mbali ya New Guinea, motero mabokosi ankangobwera osaleka. Mu 1895 anatulutsa buku la nyama zoyamwitsa za m'dera la Ajeremani kum'mawa kwa Africa. Mu Okutobala 1902, msilikali wina, Robert von Beringe, anawombera anyani akuluakulu paphiri la Sabyinyo, ku mapiri a Virunga a m'malire a Rwanda, Uganda ndi Congo. Zotsala za mmodzi zitafika ku Berlin, Matschie anaona kuti uyu ndi wosiyana ndi gorila wa kumadzulo amene ankadziwika kale, ndipo mu 1903 anamutcha Gorilla beringei. Anatchulanso agorila ena awiri: diehli wa ku Cross River, m'malire a Nigeria ndi Cameroon, mu 1904, ndi graueri wa kum'mawa kwa Congo mu 1914. Taonani kuti mayinawa ndi a anthu a ku Ulaya. Amtengatenga ndi eni dera amene ankazilondola nyamazo sanakumbukiridwe choncho.

Vuto la Matschie linali kugawa mopitirira muyeso. Ankakhulupirira kuti chigwa cha mtsinje uliwonse chili ndi mitundu yakeyake ya nyama, kotero kuti njati ya kutsidya lino la mapiri siingakhale imodzi ndi ya kutsidya linalo. Kusiyana pang'ono kwa nyanga kapena kwa mtundu wa ubweya kunali kokwanira kuti apereke dzina latsopano, nthawi zina ali ndi chigaza chimodzi chokha m'manja. Komatu ziweto za m'khola limodzi sizifanana nyanga zonse. Nyama imasiyana ndi inzake chifukwa cha msinkhu, chifukwa chokhala yaimuna kapena yaikazi, ngakhalenso chakudya, ndipo zimenezi simungazione popanda kuyala zigaza zambiri pamodzi. Apa m'pamene anaphonya, ndipo mayina ake ochuluka a njati, agorila ndi achimpanzi anafufutidwa. Mu 1929 Harold Coolidge wa ku America anaphatikiza agorila onse kukhala mtundu umodzi.

Koma m'sayansi iyi dzina lokanidwa silitayidwa, limangosungidwa. Lamulo lake ndi lakuti dzina loyamba kusindikizidwa ndilo limapambana. Akatswiri atayamba kuyeza DNA, imene imasunga chibadwa cha chamoyo chilichonse, zinapezeka kuti zina mwa zimene Matschie anagawa n'zosiyanadi, ndipo mayina ake akale anatulutsidwanso m'kabati. Lero agorila ali m'mitundu iwiri, ndipo wa kum'mawa ndi beringei. Bungwe la IUCN, loona zoteteza zachilengedwe padziko lonse, linavomereza mu 2021 kuti njovu ya m'nkhalango ndi mtundu pawokha, zimene zinathandiza kuti iwerengedwe payokha ndi kudziwika kuti ili pachiopsezo chachikulu chotha.

Sindinganene kuti maganizo ake a zigwa za mitsinje atsimikizika. Munthu amene waponya mayina ambiri chotere sangalephere kulasa kangapo, ngakhale kuti pa njovuyo diso lake linali lakuthwa: cyclotis amatanthauza makutu ozungulira, ndipo ndi makutuwo, pamodzi ndi minyanga yowongoka, amene mpaka pano timaisiyanitsira ndi njovu ya m'madambo.

Nkhani ya nyamalikiti ikufika mpaka ku Zambia. Kafukufuku wa DNA wa 2016 anagawa anyamalikiti m'mitundu inayi, ndipo a m'chigwa cha Luangwa, amene kwa zaka zambiri ankadziwika ndi dzina lawolawo, la nyamalikiti wa Thornicroft, anaikidwa pamodzi ndi a ku Kenya ndi Tanzania, pansi pa Giraffa tippelskirchi, dzina limene Matschie anapereka mu 1898.