Nambala yaikulu ya pa chikwangwani isakusainitseni pangano la intaneti

Ndatopa nalo funso lakuti, "Amisiri, kodi kampani ya intaneti yothamanga kwambiri ndi iti?" Ambiri amene amandifunsa amakhala atasankha kale mumtima, atakopeka ndi 50 Mbps kapena 100 Mbps yolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti). Nambalayo si yabodza, koma patsogolo pake pamakhala kamawu koti "mpaka", ndipo kameneko ndiko sikawerengedwa. Akakuuzani kuti mpaka 100, akulonjezani kuti simudzapitirira 100. Za pamene liwiro lingatsikire, palibe chimene alonjeza.

Kumbukiraninso kuti Mbps si MB, muyeso wa kukula kwa fayilo. Gawani ndi 8: pa laini ya 40 Mbps, fayilo imatsika ndi 5 MB pa sekondi, ndipo pamenepo palibe wakuberani. Ndipo kodi mukufunadi zochuluka bwanji? Netflix imanena kuti kanema wa Full HD amafuna 5 Mbps, wa 4K amafuna 15. Werengani anthu a m'nyumba mwanu amene amaonera kapena kugwira ntchito nthawi imodzi, muona kuti mabanja ambiri amalipira liwiro limene saligwiritsa ntchito, n'kusiya kufunsa zimene zidzawavutitse.

Choyamba mwa izo ndi liwiro lotumizira, upload. Nambala ya pa chikwangwani ndi ya zobwera kwa inu basi. Pali mayi wina amene nkhani yake imandiwawabe. Amaphunzitsa ana kudzera pa Zoom, ndipo ntchito imeneyi ndiyo imadyetsa banja lake. Anasaina pangano la miyezi 24 ndi kampani ina chifukwa cha nambala yaikulu. Iye ankawaona bwinobwino ana aja, koma anawo ankangoona mphunzitsi wouma pa sikirini, mawu akudukaduka. Anagula laputopu ina, anasintha kamera, anagulanso kachipangizo kena kamene munthu wina anamunamiza kuti kamakoka netiweki. Pamene ankandiitana n'kuti makolo ena atachotsa kale ana awo. Nditayeza madzulo, liwiro lotumizira silinkafika ngakhale 1 Mbps, pamene kuti chithunzi chituluke choyera pa Zoom pamafunika ma Mbps atatu kapena anayi. Vutolo linalembedwa m'pangano momwemo, m'tizilembo tating'ono. Kuti atulukemo anafunika kulipira chindapusa chothetsera pangano nthawi isanakwane. Funso limodzi lokha asanasaine likanamupulumutsa, ndipo wogulitsa uja ankadziwa bwino ntchito imene mayiyu amagwira.

Nanga mawu akuti "yopanda malire"? Funsani kuti muone ndondomeko imene amaitcha fair usage policy. Makampani ambiri sakudulani mukafika pa mlingo wina wa data, amangochepetsa liwiro mpaka mwezi utathe. Wogulitsa akanena kuti zimenezo kulibe, akulembereni.

Liwiro limasinthanso ndi nthawi, chifukwa laini simuli nokha. Zili ngati mpopi wa madzi: onse akatsegula nthawi imodzi, madzi amangodontha. Izi zimaoneka kwambiri pa intaneti yochokera ku nsanja za 4G ndi 5G, pamene anthu onse a m'dera amagawana nsanja imodzi. Choncho musayese intaneti m'mawa mu ofesi ya wogulitsa. Pitani kwa mnansi amene ali ndi kampani imeneyo, madzulo anthu ataweruka, mutsegule Speedtest kapena fast.com, masamba oyezera liwiro la intaneti, muone nambala zitatu: kutsitsa, kutumiza, ndi ping. Ping ndiyo nthawi imene uthenga umatenga kupita ndi kubwerera. Ngati faiba (intaneti yobwera pa waya wa ulusi wagalasi) inafika m'dera lanu, maganizo anga ndi akuti tengani faiba, ngakhale nambala yake ichepe poyerekeza ndi ya enawo. Imakhazikika ndipo ping yake ndi yotsika. Setilaiti ndi yothandiza kumene waya sufika, koma zindikirani kuti ndi zamitundu iwiri. Zakale zija zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000, ndipo ping yake imaposa theka la sekondi, moti pokambirana mumalankhulirana pamwamba. Za Starlink zimayenda pafupi, pa makilomita mazana angapo chabe, n'chifukwa chake sizichedwa motero, koma mbale yake imafuna thambo losatchingidwa ndi mitengo.

Pa ndalama, musayang'ane mtengo wa mwezi woyamba. Phatikizani zonse za nthawi ya panganolo: kulumikiza, rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba), ndi mtengo umene udzayambe kuchotsera kukatha. Rautayo ndi yanu kapena mudzabweza? Mukasamuka nyumba, pangano likutsatirani? Laini ikaduka, amabwera pakapita masiku angati?

Tsopano za akathyali, pakuti awa ndiwo amandikwiyitsa. Palibe pulogalamu ya pa foni imene ingawonjezere liwiro limene kampani ikukupatsani. Palibe kabokosi kolowetsa pa soketi kamene kangasandutse 10 kukhala 50. Chipangizo chowonjezera Wi-Fi chimangofikitsa patali zimene zilipo kale, ndipo zambiri zotchipa zimadula liwirolo pakati. Munthu wokugulitsani simu "yothyoledwa" yosatha data, kapena wokukokerani waya kuchokera kwa munthu amene simukumudziwa, tsiku limene adzatsekeredwe foni yake sidzapezeka, ndipo simudzakhala ndi kokadandaula. Komanso zonse zimene mumachita pa intaneti zimadutsa m'chipangizo chake.

Musanaimbe mlandu kampani, lumikizani kompyuta ku rauta ndi waya, muyeze. Ngati pa waya liwiro lili bwino, vuto ndi Wi-Fi ya m'nyumba mwanu. Chotsani rauta kuseri kwa TV kapena m'kabati, muiike pakati pa nyumba, pamalo okwera. Wi-Fi ya 5 GHz imathamanga koma imafooka ikadutsa makoma, ya 2.4 GHz imafika patali. Koma ngati pa waya pomwepo liwiro ndi lochepa, musadikire n'kumati mwina mawa zisintha. Makampani ena amapereka masiku ochepa oti mutha kubweza popanda chindapusa, ndipo masiku amenewo amatha anthu akupirira. Jambulani zotsatira za kuyezako, tsiku ndi ola zikuoneka, dandaulani mochita kulemba sabata yoyamba yomweyo, ndipo sungani nambala ya dandaulo lanu. Akakunyalanyazani, pitani nazo ku bungwe loyang'anira zamtokoma ndi mafoni m'dziko lanu.