Mankhwala atha koma thupi likadali lolemera: zimene kafukufuku wapeza pa matenda a Lyme

Matenda a Lyme amayambitsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Borrelia burgdorferi, amene amalowa m'thupi munthu akalumidwa ndi nkhupakupa za mtundu wa Ixodes. Nkhupakupazi n'zochuluka m'nkhalango ndi m'maudzu a kumpoto chakum'mawa kwa United States komanso m'mayiko ambiri a ku Ulaya, kuphatikizapo madera ena a ku Britain monga mapiri a ku Scotland. Dzinali linachokera ku tauni ya Lyme m'chigawo cha Connecticut, kumene mu 1975 ana ambiri anatupa mawondo modabwitsa, mpaka dokotala Allen Steere wa ku yunivesite ya Yale anayamba kufufuza. Bungwe la boma la United States loona za matenda lotchedwa CDC limayerekeza kuti ku United States anthu pafupifupi 476,000 amalandira chithandizo cha matendawa chaka chilichonse.

Matendawa akadziwika msanga, kawirikawiri chifukwa cha chigamba chofiira chimene chimakula pamalo olumidwawo, wodwala amapatsidwa mankhwala opha bakiteriya (antibayotiki) otchedwa doxycycline kwa masiku 10 mpaka 14 ndipo ambiri amachira kotheratu. Koma pali ena amene chigambacho chimazimiririka, kutentha thupi kumaleka, mankhwala amatha, komabe iwo amakhalabe otopa kwambiri, minofu ndi malo olumikizira mafupa zikuphwanya, akuiwalaiwala ndiponso akulephera kuika maganizo pa ntchito. Zimenezi zikapitirira miyezi 6 ndipo zikasokoneza moyo wa tsiku ndi tsiku, madokotala amazitcha mwachidule PTLDS, kutanthauza zizindikiro zotsalira pambuyo pa chithandizo cha Lyme.

Kuti tidziwe kuchuluka kwa anthu otere, sikokwanira kuwerenga odwala amene akudandaula za kutopa, pakuti kutopa ndi kuphwanya kwa thupi n'zofala ngakhale mwa anthu amene sanalumidwepo ndi nkhupakupa. N'chifukwa chake kafukufuku wodalirika amatsatira odwalawo pamodzi ndi gulu lina loyerekezera. Gulu la John Aucott ku yunivesite ya Johns Hopkins linafalitsa mu 2022 kuti mwa odwala amene analandira chithandizo msanga, pafupifupi 14 mwa 100 alionse anatsala ndi vutoli, pamene mwa anthu athanzi oyerekezera anali 4 okha. Ku Netherlands, kafukufuku wotchedwa LymeProspect anapeza zizindikiro zokhalitsa mwa odwala pafupifupi 27 mwa 100, ndipo mwa anthu wamba zinapezeka mwa 21. Vutoli lilipodi, ndipo dokotala amene amauza wodwala kuti n'zam'mutu chabe akulakwitsa. Komabe manambala omwewo akusonyeza kuti si kutopa konse kwa munthu amene anadwalapo Lyme kumene kumachokera ku Lyme.

Funso limene lakanganitsa madokotala ndi magulu a odwala kwa zaka zoposa 30 ndi lakuti, kodi bakiteriya uja amakhala akadali ndi moyo m'thupi? Ngati alipo, kuwonjezera maantibayotiki kuyenera kuthandiza. Zimenezi zinayesedwa kangapo m'njira yokhwima, imene odwala amagawidwa mwa maere, ena n'kulandira mankhwala enieni pamene ena akulandira ofanana nawo maonekedwe koma opanda mphamvu, ndipo wodwala ngakhale dokotala womupima sadziwa gulu limene wagweramo.

Mu 2001 Mark Klempner ndi anzake anafalitsa zotsatira za odwala 129, amene gulu lawo lina linalandira antibayotiki wotchedwa ceftriaxone kudzera mu mtsempha kwa masiku 30 kenako doxycycline wakumwa kwa masiku 60. Kafukufukuyu anaimitsidwa asanafike kumapeto chifukwa zinaonekeratu kuti kusiyana sikupezeka. Mwa odwala amene magazi awo ankasonyeza chizindikiro cha Lyme, 37 mwa 100 anapezako bwino atalandira mankhwala enieni, ndipo 40 mwa 100 anapezako bwino atalandira opanda mphamvu aja. Nambala yachiwiriyi ndi imene ndimaona kuti aliyense ayenera kuiganizira mofatsa. Zizindikiro za PTLDS zimakwera ndi kutsika pazokha, choncho munthu amene wapezako bwino ali pa diripi ya mwezi wathunthu akunena zoona akamati wapezako bwino, koma iye payekha sangathe kudziwa ngati chamuthandiza ndi mankhwalawo kapena nthawi.

Kafukufuku wina sanatuluke wosalala chomwecho, ndipo sikoyenera kubisa zimenezo. Lauren Krupp mu 2003 anayesa ceftriaxone wa masiku 28 pa odwala 55 otopa kwambiri, ndipo kutopa kunachepa mwa 64 pa 100 alionse amene analandira mankhwalawo, poyerekeza ndi pafupifupi 19 m'gulu linalo, ngakhale kuti kaganizidwe sikanasinthe. Odwala anayi anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha zovuta za chithandizocho, ndipo atatu mwa iwo anali m'gulu la mankhwala opanda mphamvu, zimene zikutikumbutsa kuti kachubu kokhalitsa mu mtsempha n'koopsa pakokha. Ofufuzawo sanalimbikitse chithandizochi. Brian Fallon wa ku yunivesite ya Columbia, mu 2008, anapereka ceftriaxone wa milungu 10 pa kafukufuku wa odwala 37 a vuto loiwala, ndipo kusintha kumene kunaoneka pa mlungu wa 12 kunali kutazimiririka pofika mlungu wa 24. Kafukufuku wamkulu kuposa onsewa, wotchedwa PLEASE, anachitikira ku Netherlands pa odwala 280 ndipo anafalitsidwa mu 2016. Onse analandira ceftriaxone wa milungu iwiri, kenako milungu 12 ya maantibayotiki akumwa kapena mapiritsi opanda mphamvu, ndipo magulu onse anatuluka mofanana.

Ngakhale zili choncho, pali zipatala zina zimene zimapereka maantibayotiki kwa miyezi ngakhalenso zaka, pa mtengo wokwera. Mu 2017 CDC inafalitsa nkhani za odwala asanu amene anavulazidwa kwambiri ndi chithandizo chotere, ena atalowedwa ndi tizilombo m'magazi kudzera m'kachubu kaja, ndipo panali imfa. Chimodzi mwa zimene zimapatsa mpata zipatala zoterezi ndicho kusowa kwa njira yopimira imene ingatsimikize kuti munthu wachira. Kupima kofala kumayang'ana asilikali amene thupi linapanga polimbana ndi bakiteriyayo, ndipo asilikaliwa amatha kukhala m'magazi kwa zaka zambiri tizilombo titafa kale, choncho kupezeka kwawo sikutanthauza kuti matenda akadalipo.

Ofufuza ambiri tsopano atembenukira ku chitetezo cha m'thupi. Mu 2019 Brandon Jutras ndi anzake anapeza zidutswa za chikhoko cha bakiteriyayu, zotchedwa peptidoglycan, m'madzi a m'mawondo a odwala amene anali atamaliza kale maantibayotiki. Zidutswazi n'zakufa, koma zimatha kuutsa kutupa, monga momwe phulusa lotentha limawotchera moto utazima kale. Ku Johns Hopkins, zithunzi za ubongo za odwala 12 zinasonyeza mu 2018 zizindikiro za kutupa zimene sizinaoneke chimodzimodzi mwa anthu athanzi, ngakhale kuti gulu laling'ono chotero limangolozera kofufuza. Ena akufufuzabe za bakiteriya amene amapirira mankhwala, popeza zaonekapo m'labotale ndi mwa nyama zoyeserera, ndipo mliri wa COVID-19, umene nawonso wasiya anthu ambiri otopa kwa miyezi, wachititsa kuti nkhani ya zizindikiro zotsalira pambuyo pa matenda opatsirana iyambe kutengedwa mozama.

Pakadali pano dokotala wosamala amayamba watsimikiza kuti wodwalayo anadwaladi Lyme ndiponso kuti analandira chithandizo chokwanira, kenako amafufuza zina zimene zimatopetsa thupi, monga kuchepa magazi, vuto la chithokomiro, shuga, kusagona bwino ndi matenda a nkhawa. Amayang'ananso tizilombo tina tofalitsidwa ndi nkhupakupa yomweyo monga Babesia, amene doxycycline samupha. Zikatero amathandiza chizindikiro chilichonse pachokha, ululu, tulo ndi kubwerera ku ntchito pang'onopang'ono, ndipo odwala ambiri amapezako bwino pakapita miyezi. Abale athu amene amakhala ku America kapena ku Britain akabwera kudzacheza kumudzi n'kudwala, ayenera kuuza dokotala madera amene anayendamo komanso ngati analumidwapo ndi nkhupakupa, chifukwa kuno munthu akatentha thupi ndi kuphwanya, maganizo oyamba amapita ku malungo.