Dokotala akakana chemo yamphamvu sanati mupite nawo kumudzi

Mwezi uno wokha ndakumana ndi mabanja awiri atamanga kale katundu, mwana wamkulu ali pafoni kufunsa nthawi ya basi ya ku Chipata ku Intercity muno mu Lusaka. Mabanja onsewa anali ndi wodwala wachikulire amene wapezeka ndi khansa ya m'magazi, leukemia. Mawu awo anali amodzimodzi: "Sister, adokotala akuti agogo sangapirire chemo. Nanga tikudikiranji muno? Bola akatsirizikire kwawo." Maganizo amenewa afala ku Chawama, ku Kanyama, ku Mtendere, ndipo ine monga namwino akundisowetsa tulo, chifukwa zimene ananena dokotala si zimenezo.

Za matendawo ndinena mwachidule. Amayambira m'mafuta a m'kati mwa mafupa, momwe magazi amapangidwira. Mtundu wothamanga umene umakonda okalamba umatchedwa AML. Maselo oyera osakhwima amachulukana ngati udzu m'munda wosapalira, n'kutsamwitsa maselo ofiira ndi ma platelet amene amaumitsa magazi pabala. N'chifukwa chake wodwala amafooka, zikhatho zimayera, amadwala kamfuno, nkhama zimatuluka magazi, thupi limatentha koma akayeza malungo osawapeza. Ukalamba, fodya, benzene wa m'petulo ndi chithandizo cha khansa ina cha m'mbuyomu zimawonjezera chiopsezo, koma ambiri amangodwala popanda chifukwa chooneka. Sanalodzedwe, ndipo inu owasamalira simungatengere.

Tsono chimene dokotala akukana n'chiyani? Ndi njira imodzi yokha: dripu ya cytarabine masiku 7 usana ndi usiku, kuphatikiza daunorubicin masiku atatu, kenaka pafupifupi mwezi wathunthu pabedi chitetezo cha m'thupi chitatheratu. Kwa munthu wa zaka 75, kapena wocheperapo koma wodwala mtima, impso kapena mapapo, mankhwala amenewo angamuphe khansayo isanamuphe. Dokotala akuwateteza agogo. Sakuwataya.

Njira zofatsa zilipo. Azacitidine ndi jakisoni wobaya pansi pa khungu, pamimba kapena pantchafu, masiku 7 otsatizana, kenaka wodwala amapuma milungu itatu n'kuyambiranso. Ambiri amalandira akugona kunyumba. Akamuphatikiza ndi mapiritsi a venetoclax amagwira bwino koposa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa VIALE-A, amene anatuluka mu 2020, anapeza kuti theka la okalamba olandira mankhwala onse awiri linapitirira miyezi 14 lili ndi moyo, pamene kwa olandira azacitidine yekha theka linafika pafupifupi miyezi 10. AML yosiyidwa osaithira mankhwala imatha munthu m'milungu kapena miyezi yochepa. Venetoclax ndi wodula zedi, sindikubisirani. Koma palinso cytarabine wa mlingo wochepa wobaya masiku 10, makapisozi a hydroxyurea otsitsa maselo oyera akachulukitsa, ndi kuwonjezera magazi. Ndaonapo mayi wachikulire amene anabwera atanyamulidwa pachitenje, atangoikidwa mabotolo awiri a magazi n'kukhala tsonga, kupempha phala, n'kuyamba kudzudzula mdzukulu wake kuti sanapese.

Ndisakunamizeni. Mankhwalawa kawirikawiri sachiza kotheratu. Amabweza matenda m'mbuyo n'kupatsa munthu miyezi, ena zaka, ali ndi mphamvu yokhala pakhonde ndi adzukulu. Kumudzi kopanda magazi owonjezera, miyezi imeneyo kulibe.

Chinanso chimene chimandipweteka ndi kusiyira panjira. Mwezi woyamba wodwala amaoneka ngati akuipiraipira, chifukwa mankhwala amagwetsa kaye maselo abwino pamodzi ndi oipa. Achibale akaona zimenezi amayamba kunong'onezana kuti jakisoni ndiye akuwamaliza, ndipo basi ija imakumbukiridwanso. Azacitidine akakhala yekha amafuna maulendo anayi mpaka 6 a masiku 7 aja kuti ntchito yake ioneke. Mukasiyira pa ulendo woyamba, mwawamva kuwawa kwake osalawako ubwino wake.

Ndipo chonde, chonde, mphini ayi. Munthu amene ma platelet ake atsika akatemedwa ndi lumo, magazi saleka, ndipo bala lililonse ndi khomo la tizilombo. Masamba a mapeyala owiritsa ndi juwisi wa beetroot sizibwezera magazi pamene malo opangira magaziwo adzaza khansa. Aspirin, Brufen ndi diclofenac za m'kantemba musawapatse, zimawonjezera kutaya magazi. Ngati agogo akumwa ma ARV, mankhwala a TB kapena fluconazole, dokotala adziwe tsiku loyamba lomwe, popeza ena mwa amenewa amasokoneza mphamvu ya venetoclax m'thupi. Manyumwa nawonso asadye, pa chifukwa chomwecho.

Gulani thermometer. Thupi likatentha kufika 38, kapena akayamba kunjenjemera, kusokonezeka mutu, kupuma movutikira, kapena magazi akakana kuleka, musawamwetse Panado n'kumati tiona kukacha. Thupi lopanda chitetezo silidikira kucha. Pezani galimoto usiku womwewo, ndipo mukafika nenani msanga pakhomo pomwe kuti wodwalayu ali pa mankhwala a khansa ya m'magazi.

Amene muli ndi kholo la zizindikiro ndatchula zija koma silinayezedwe, pitani ku chipatala cha kwanu, kaya ku Chilenje, Matero kapena Chipata compound, mukapemphe full blood count, kuyeza kowerenga maselo a m'magazi. Zikaoneka zokayikitsa adzakutumizani ku UTH ndi ku Cancer Diseases Hospital. Tengani NRC, khadi la NHIMA ngati lilipo, ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa, ngakhale achikuda.

Agogo eni ake akamva zonse n'kusankha kupita kwawo, ufulu ndi wawo, ndipo tidzawakonzera mankhwala opha ululu ndi kalata yopita nayo ku chipatala cha kumeneko. Koma asankhe okha, atamva ndi makutu awo, osati kusankhiridwa pafoni ndi amalume a ku Katete amene sanaone dokotala. Musanagule tikiti bwererani m'chipinda muja, agogo ali pomwepo, mukafunse kuti: "Adokotala, poti chemo yamphamvu siitheka, njira ina ya amayi athuwa ndi iti, ndipo tiyamba liti?"