Maginito, tupa ndi sikelo: zimene wotolera zitsulo zakutha ayenera kudziwa

Loweruka lililonse m'mawa, pamalo pomwe ndimagulira zitsulo pamafika anthu, ena akukankha wilibala, ena atamangirira thumba pa kaliyala ya njinga. Ambiri mwa iwo sadalira zitsulo pa moyo wawo. Ndi aphunzitsi, alonda, azibambo opuma pa ntchito, amayi apakhomo, anthu amene amaunjika pang'onopang'ono kuseri kwa nyumba, mulu ukakula n'kubwera nawo kuti apezeko ya mchere ndi sopo. Ena chimene chimawasangalatsa n'kuphwasula chinthu chakufa kuti aone za m'kati mwake. Koma pafupifupi onse amalakwitsa mofanana, amathira zonse m'thumba limodzi. Misomali, waya, chivundikiro cha poto, mpopi wothyoka, zonse phwathiphwathi. Thumba lotere ndikaliika pa sikelo ndimalipira mtengo wa chitsulo wamba, womwe ndi wotsika kuposa yonse, chifukwa ntchito yosankha wandisiyira ine ndi anyamata anga. Chonsecho ndalama ya malonda amenewa ili pa kusankhako.

Yambani ndi maginito, ndipo musachite kugula. Kumbuyo kwa sipika ya wailesi yakufa kuli maginito abwino kwambiri. Pafupifupi chilichonse chimene maginito achigwira ndi chitsulo wamba: malata, misomali, mafelemu a njinga, zidutswa za mabedi, madiramu. Zimenezi zimalemera koma mtengo wake pa kilogalamu ndi wochepa, moti zimapindulitsa zikachuluka. Zimene maginito akana ndiye ziikeni padera mosamala, chifukwa zambiri mwa izo n'zodula.

Apa m'pamene tupa imalowa ntchito. Pachichewa timangoti mkuwa, koma pa sikelo mkuwa uli pawiri. Pali kopa, yemwe ukamupala amaoneka wofiirira ngati dothi la katondo, ndipo pali bulasi, yemwe ndi kopa wosakaniza ndi zinki, wooneka wachikasu. Kopa amapezeka m'mawaya a magetsi, m'ma mota a mafani ndi mafiriji, ndi m'mapaipi ang'onoang'ono a kumbuyo kwa makina oziziritsa. Bulasi ali m'mipopi yakale, m'maloko ena ndi m'makiyi. Onse awiri akakhalitsa pamvula amada kapena kubiriwira, n'chifukwa chake simungaweruze ndi maso okha. Palani pang'ono muone mtundu wa m'kati.

Kupala kumeneku kumakupulumutsaninso ku chinyengo cha masiku ano. Mawaya ambiri otchipa ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kakhungu ka kopa kunja. Kuwaona kunja mungati mwatola chuma, koma mukapala mupeza m'kati moyera. Ma mota enanso amakulungidwa ndi waya wa aluminiyamu wopakidwa vanishi wofiirira. Ndaonapo munthu atatha tsiku lonse akuswa kompuresa ya firiji ndi hamala ndi tchizulo, thukuta lili kamukamu, n'kupezamo aluminiyamu. Akanayamba wapala nsonga ya waya, akanadziwa msanga.

Dzanja nalonso limaphunzira. Mutatenga zidutswa zofanana kukula ndi botolo la lita imodzi, cha aluminiyamu chingalemere makilogalamu 2.7, cha chitsulo wamba pafupifupi 7.8, cha kopa 8.9, pomwe cha mtovu chingapitirire 11. Chinthu choyera, chokana maginito, chopepuka, ndi aluminiyamu. Chikakhala choyera, chokana maginito koma cholemera ndi cholimba, kawirikawiri ndi chitsulo chosachita dzimbiri, monga cha masinki ndi masupuni ena. Chotuwa, cholemera kwambiri, chofewa moti msomali ukuchikanda mosavuta, ndi mtovu.

Anthu amandifunsa chifukwa chimene mtengo umasinthira mwezi ndi mwezi, ngati kuti ndimangoupeka usiku. Mtengo wa kopa, aluminiyamu ndi mtovu padziko lonse umatsatira msika wa London Metal Exchange, womwe unakhazikitsidwa mu 1877, ndipo umatchulidwa m'madola. Ndi msika womwewo umene anzathu a ku Kitwe ndi ku Chingola ku Zambia amauyang'ana m'mawa uliwonse pa kopa wa m'migodi yawo. Mu Meyi 2024 kopa anapitirira madola 11,000 pa tani imodzi, pamene tani ya zitsulo wamba zakutha imagulidwa pa madola mazana ochepa chabe. Kusiyana kwake n'kopitirira kakhumi, n'chifukwa chake kathumba ka kopa kamene mwana anganyamule kamaposa wilibala yodzaza malata. Pa mtengo wa ku London chotsanipo za mayendedwe, phindu la wogula wamng'ono ngati ine, la wogula wamkulu amene ndimamugulitsa, kenako onjezanipo kukwera ndi kutsika kwa kwacha, mupeza chimene chimafika m'manja mwanu. Mafakitale amazifuna zitsulo zakuthazi chifukwa kusungunula chakale n'kotchipa kuposa kukumba mwala. Pa aluminiyamu, kusungunula wakale kumadya pafupifupi magawo 5 okha pa 100 a mphamvu imene imafunika popanga watsopano.

Tsopano ndinene chinthu chimene chikundidyera ine mwini malonda. Si chitsulo chilichonse choyenera kupita pa sikelo. Sipuling'i ya lole yakufa mukabwera nayo kwa ine ndidzaiyeza ngati chitsulo wamba, koma wosula amadziwa kuti mmenemo muli nkhwangwa, zikwanje ndi masompho olimba, ndipo adzakupatsani zambiri. Paipi yowongoka kapena chitsulo cha ngodya chotalika mita imodzi, wowotcherera mageti ndi mawindo adzachigula ngati chipangizo. Malata ndi madiramu amene sanadyeke kwambiri ndi dzimbiri amawafuna opanga mbaula ndi zidebe. Zidutswa za injini za aluminiyamu amazisaka amisiri oumba mapoto, amene amasungunula mu ng'anjo ya makala n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Amatha kutero chifukwa aluminiyamu amasungunuka pa madigiri 660, pomwe kopa amafuna 1,085 ndipo chitsulo chimafuna pafupifupi 1,500. Mukazungulira m'misika ya ku Ndirande kapena kwa Mchesi mudzawapeza amisiri onsewa. Yambani mwawafunsa iwo, zimene akana ndiye mubwere nazo kuno.

Pali zina zomwe simuyenera kuzitola ngakhale mutazipeza zili pansi. Waya wa ESCOM, zidutswa za thiransifoma, mamita a madzi, zivundikiro za ngalande za m'misewu, mabawuti ndi zitsulo za njanji, zikwangwani za pamsewu, zonsezi zili ndi eni ake ngakhale zioneke zotayidwa. Kuno kwathu kuli lamulo la Second-Hand and Scrap Metal Dealers Act loyang'anira ogula zinthu zakale ndi zitsulo zakutha, ndipo wogula wolongosoka akakufunsani kumene mwachitenga chinthu musamuone ngati wamwano. Wakuba mmodzi amaipitsa mbiri ya otolera onse. Ku Kenya zinafika poti mu Januwale 2022 Pulezidenti Uhuru Kenyatta anaimitsa malonda onse a zitsulo zakutha chifukwa cha kuonongedwa kwa nsanja za magetsi ndi katundu wina wa boma. Kwa miyezi ingapo olungama ndi akuba omwe anagona ndi njala. Pa malo omanga nyumba kapena pa galaja, pemphani kwa mwini wake. Ambiri amakondwa kuti wina awachotsera zinyalala.

Za thanzi ndiye ndimakangana ndi anthu tsiku ndi tsiku. Kuvala magolovesi ndi nsapato zolimba, komanso kubayitsa katemera wa kafumbata, zimenezo aliyense amavomera. Chovuta n'chizolowezi chootcha waya kuti pulasitiki ichoke. Utsi wakuda uja uli ndi poizoni amene amakhalitsa m'thupi ndi m'dothi, ndipo amaupuma ndi ana a pakhomo panu ndi a oyandikana nawo. Kuonjezera apo kopa wootcha amada, ndipo ndimamugula motsika kuposa wonyezimira. Waya wonenepa musendeni ndi mpeni, woonda kwambiri mubwere naye ndi khungu lake.

Batire ya galimoto kapena ya sola musaiswe pakhomo, ndipo madzi ake musawataye pansi. Madziwo ndi asidi, ndipo mbale za m'kati ndi mtovu. Mtovu ukalowa m'thupi la mwana umaononga ubongo mwakachetechete, popanda chilonda chooneka. Mzinda wa Kabwe ku Zambia ndi umboni wake. Mgodi wa mtovu ndi zinki kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma mpaka lero ana a m'makomboni oyandikana nawo akupezekabe ndi mtovu wambiri m'magazi, kuchokera ku fumbi la pabwalo pomwe amasewera. Batire igulitseni yathunthu, yoimika, zotsekera zake zili pompo. Chimodzimodzinso silinda ya gasi, thanki ya galimoto kapena diramu imene munali petulo, musaidule ndi girayinda ngakhale ioneke youma, chifukwa mpweya wotsalira m'katimo ndi umene umaphulika.

Nkhani imene ndimauza mnyamata aliyense woyamba ntchito kwa ine inachitikira mumzinda wa Goiânia ku Brazil mu Seputembala 1987. Amuna awiri analowa m'chipatala chosiyidwa n'kutengamo mutu wa makina ochizira khansa, poganiza kuti ndi chitsulo chogulitsa. Anauboola, n'kukaugulitsa kwa wogula zitsulo ngati ine. Iye ataona kuti m'katimo muli ufa wowala mtundu wa buluu mumdima, anaitana abale ndi anzake kuti adzaone, ena mpaka anadzipaka pakhungu. Ufawo unali caesium-137, poizoni wotulutsa cheza choopsa chosaoneka ndi maso chimene chimaononga thupi. Anthu anayi anamwalira, mkazi wa wogulayo, kamtsikana ka zaka 6 ka m'banja lomwelo, ndi anyamata awiri ogwira ntchito pa malowo. Anthu pafupifupi 250 anapezeka kuti akhudzidwa, ndipo oposa 100,000 anachita kuyezedwa. Choncho chitsulo chomata mbali zonse, cholemera modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake, makamaka chokhala ndi chizindikiro cha mapiko atatu ngati a fani pa utoto wachikasu, musachitsegule ndipo musachinyamule. Kauzeni apolisi.

Pobwera kudzagulitsa, bwerani ndi matumba osiyana, kopa wonyezimira payekha, wakuda payekha, bulasi, aluminiyamu, ndi chitsulo wamba pamapeto. Chotsani zomangira zachitsulo pa aluminiyamu ndi mphira pa bulasi, chifukwa bawuti imodzi yotsalira imatsitsa mtengo wa chidutswa chonse. Yezani kunyumba kaye, ngakhale pa kasikelo kokoloweka kogulira nandolo, ndipo lembani. Funsani mtengo wa kilogalamu katundu asanakwere pa sikelo, ndipo muone ndi maso anu kuti muvi wayambira pa ziro. Wogula akakwiya chifukwa mwasuzumira sikelo yake, senzani matumba anu mupite kwa wina.