Tmpfs siidyeratu RAM

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva anthu akunena kuti ukapanga tmpfs (malo osungirako mafayilo mu RAM, yomwe ndi memory ya kompyuta) pa Linux n'kuipatsa 2GB, RAM yonseyo yapita pomwepo. Ndatopa nazo, chifukwa si zoona.

Nambala ija ndi malire chabe. Tmpfs imatenga malo molingana ndi mafayilo omwe mwaikamo, ndipo mukawafufuta, malowo amabwerera. Mukapanda kutchula kukula, malire ake amakhala theka la RAM. Choyenera kusamala nacho n'china: kompyuta ikazima, zonse zili mmenemo zimatayika.

Yesani nokha. Lembani free -h (lamulo loonetsa mmene RAM ikugwiritsidwira ntchito) mu terminal musanapange tmpfs, mulembenso mutaipanga, mupeza manambala sanasinthe kwenikweni. Kenako koperanimo fayilo yaikulu, mulembenso free -h, muone gawo lolembedwa shared likukwera. Chonde, musanauze mnzanu zomwe mwangomva, yambani mwayesa chonchi pa kompyuta yanu.