Pasiwedi payokha sisunga chinsinsi

Achinyamata athu akamva za mpikisano wokonza pulogalamu yochezerana pa intaneti yoteteza zinsinsi za anthu, amathamangira pasiwedi. Amati ikangokhala yaitali, ya zilembo ndi manambala, basi zatheka. Maganizo amenewa ndi akalekale, koma ndi operewera.

Taganizani za mayi wa ku Bangula amene amabwerekana foni imodzi ndi amuna ake. Akaisiya potchajitsa, uthenga ukalowa umaonekera pagalasi foni ili yokiya. Mnyamata wotchajitsayo wawerenga kale, pasiwedi osaidziwa n'komwe.

Kuyambira 2016, mauthenga a pa WhatsApp amayenda obisika moti ngakhale kampaniyo singawawerenge. Koma lowani m'gulu la alimi a thonje ku Ngabu: nambala yanu ili poyera kwa aliyense, kuphatikizapo atsizinamtole aja oimba kuti "ndakutumizirani ndalama molakwitsa".

Ann Cavoukian, katswiri wa zoteteza zinsinsi za anthu wa ku Canada, anaphunzitsa m'zaka za m'ma 1990 kuti chinsinsi chimamangidwa pamodzi ndi maziko a pulogalamu, sachita kumatapo pomaliza. Kuno kwathu lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu linabwera mu 2024, ndipo amaliyang'anira ndi a MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawailesi.

Choncho wokonza azidzifunsa pa chilichonse chomwe akutolera: n'chantchito yanji? Pulogalamu yochenjezana madzi a Shire kapena Ruo akamakwera imangofunika mudzi umene munthu akukhala. Nambala ya chiphaso cha unzika, chithunzi ndi tsiku lobadwa, zisiyeni. Zomwe simunatolere, wakuba sangazipeze.