Mwapeza timazira pagalasi la thanki? Musathamangire kupala

Anthu oweta nsomba zokongoletsa m'nyumba kuno ku Lilongwe amandifunsa kawirikawiri kuti, "ndadzuka m'mawa ndapeza timipira tamata pagalasi, kodi ndi matenda?" Nthawi zambiri si matenda ayi, nsomba zanu zaikira mazira basi. Koma musanagwire kalikonse dziwani kaye kuti waikirayo ndani, chifukwa pali mazira ofunika kuwasamutsa, pali ena oti mukangowagwira mwawononga.

Choyamba onetsetsani kuti si a nkhono. Tinkhono tam'madzi timaikira kachinthu kamodzi koterera kooneka mbee, mkati muli timadontho tambirimbiri. Mazira a Corydoras, timilamba tating'ono tochokera ku South America timene timakhalira kufufuza zakudya pansi tija, ndi osiyana: dzira lililonse lili palokha, lozungulira, pafupifupi mamilimita 2, ndipo amamata pagalasi, pamasamba ngakhale pafyuluta, apa atatu apo khumi. Yaikazi imanyamula mazira ochepa pakati pa zipsepse za pamimba, kukawamata, kubwerera kwa yaimuna, choncho choncho mpaka itamaliza. Chimene chimazidzutsa kuti ziikire ndi madzi ozizirirako, kwawo zimaswana mvula ikayamba, ndiye mukasintha madzi m'nyengo yotentha ya Okutobala musadabwe mawa lake kupeza galasi lili mazira okhaokha.

Vuto la Corydoras ndi loti sizilera, zimadya mazira awo omwe, ndipo nsomba zina za muthankimo zimathandizira. Ndiye awa asamutseni. Dikirani maola angapo alimbe kaye, kenako kunkhunizani dzira limodzilimodzi ndi chala choyera kapena khadi lakale la ATM, ndi olimba kuposa mmene mukuganizira. Aikeni m'kabeseni koyera ndi madzi a muthanki momwemo, osati apampopi, chifukwa klorini wa madzi athuwa amapha mazira ndi tiana tomwe. Ikanimo kapaipi ka mpweya kazitulutsa thovu pang'onopang'ono kuti madzi aziyenda. Pa madigiri 24 mpaka 26 amaswa pakadutsa masiku 3 mpaka 5.

Koma ngati muli ndi Ancistrus, kamlamba ka ndevu pamphuno komata pagalasi ndi pakamwa, komwe ena amati pleko, ndipo mwaona mulu wa mazira a olenji m'kaphanga kapena m'paipi, chonde asiyeni. Bambo ndi amene amalera, amakhala pomwepo kuwakupiza ndi zipsepse usana ndi usiku, kudya komwe amasiya, ndipo ntchito imeneyo palibe pampu ingamupose. Kumuunika ndi tochi ya foni ola lililonse kumangomusokoneza, mapeto ake amatha kuwakankhira panja. Pakatha pafupifupi sabata tiana timakhala taswa.

Apa pali nkhani yaikulu tsopano, ya mazira a Corydoras amene mwaika m'kabeseni aja. Dzira lamoyo limaoneka lofiirira pang'ono, likamakula limada ndipo mumayamba kuona timadontho tiwiri takuda, amenewo ndi maso. Dzira lomwe silinakumane ndi umuna limasanduka loyera mbuu pakangotha tsiku limodzi kapena awiri, kenako limamera chuku ngati thonje, ndipo chukucho sichikhala pamodzi, chimafalikira ku mazira abwino oyandikana nalo mpaka mulu wonse kutha. Ndiye m'mawa ndi madzulo yang'anani, loyera lililonse chotsani ndi sirinji kapena kapaipi, komanso musawaunjike malo amodzi. Anthu ambiri amathamangira methylene blue, mankhwala a buluu oletsa chuku, inde amathandiza, timadontho pang'ono m'kabeseni mpaka madzi aoneke buluu wopepuka, koma osathira muthanki yaikulu chifukwa amapha mabakiteriya abwino a mufyuluta, ndipo mazira akayandikira kuswa muzisintha madzi pang'onopang'ono kuti mankhwalawo achepe. Ine maganizo anga ndi oti mankhwala ndi achiwiri, madzi oyera oyenda ndi diso lanu ndi zimene zimapulumutsa mazira ambiri.

Magetsi akathima mpweya umaima, ndipo kabeseni kakang'ono sikachedwa kuzizira, makamaka usiku wa Juni ndi Julaye pamene kuno kumazizira zedi. Ngati mungakwanitse gulani pampu ya mabatire, imaposa zokongoletsa zonse zomwe timawonongera ndalama. Ngati mulibe, yandamitsani kabeseniko pamwamba pa thanki yaikulu kuti kutentha kusasinthe msanga, muzitunga madzi ndi kapu nkumawathira mwapang'onopang'ono kuti mulowe mpweya.

Ena amafunsa za mlamba wathu wa m'madambo, Clarias gariepinus. Mazira ake amaswa msanga, tsiku limodzi kapena awiri madzi akakhala ofunda, koma ameneyu si wa pabalaza, amakula kupitirira mita ndipo alimi amachita kumubaya mahomoni kuti aikire. Musiyeni akhale wa padamu.

Tiana ta Corydoras tikaswa musatipatse chakudya nthawi yomweyo, masiku awiri kapena atatu oyamba timadya kathumba komwe tabadwa nako pamimba, chakudya chimangowola nkuipitsa madzi. Kathumbako kakatha yambani ndi brine shrimp (tizilombo tating'onoting'ono ta m'madzi amchere todyetsa tiana ta nsomba) wongoswa kumene kapena chakudya cha nsomba chopera kwambiri, pang'ono pokha kawiri kapena katatu patsiku, zotsala muzichotsa ndi sirinji ija. Tsiku lililonse sinthani madzi pang'ono ndi ofunda mofanana, ndipo pakamwa pa fyuluta muvekepo siponji kuti tisakokedwe.